Kulakalaka Kanema Wakale

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu amene akula, ndipo aphunzitsi ena okhalitsa pantchito amalinena pamene akupumula pansi pa mtengo wa pasukulu. Iwo amati makanema a masiku ano alibe mutu, ndi phokoso lokhalokha, ndipo kanema weniweni anatha kalekale. Akafunsidwa dzina la kanema mmodzi yekha amene ana a m'kalasi mwawo akusimbirana sabata imeneyo, salidziwa, ndipo sachita nazo manyazi. Ena amafika poyesa kusadziwako chizindikiro cha kukhwima nzeru. Dandaulo lotereli liyenera kuyesedwa monga momwe wophunzira chinenero amayesera nthano kapena mwambi, ndiko kufunsa kuti kanema wakaleyo anali wotani, anapangidwa ndi yani, anapangidwira yani, ndiponso chimene anthu akuchilira makamaka n'chiyani. Funsoli likhudza kwambiri amene akukonzekera uphunzitsi, pakuti ana amene adzawapeze m'kalasi amabwera kusukulu mitu yawo itadzaza kale ndi nkhani za pakanema.

Choyamba kuchizindikira n'chakuti mawu akuti "kanema wakale" satanthauza chinthu chimodzi. Gogo wa zaka 80 akanena mawuwa amakumbuka galimoto la boma limene linkafika pabwalo dzuwa litapendeka, anyamata n'kumangirira chinsalu choyera, injini n'kuyamba kulira, mudzi wonse n'kukhala pansi. Mwana wake wa zaka 50 akanena mawu omwewo amakumbuka kachipinda kamdima ka pamsika, kumene ankalipira makobiri n'kupanikizana ndi anzake pabenchi kuti aone Bruce Lee kapena Rambo. Tsono pamene mwanayo ankathamangira kukachipindako, gogoyo ankamunena ndi mawu omwe aja amene iye akunenera adzukulu lero. Chotero pofuna kuweruza bwino nkhaniyi, m'pofunika kutenga mibadwo imeneyi umodziumodzi.

Makanema oyamba amene anakonzedwera anthu a m'midzi ya kuno anali ophunzitsa. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la International Missionary Council, mothandizidwa ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America, linayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Atsogoleri ake, L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, anakhazika malo ojambulira ku Vugiri m'dziko la Tanganyika, napanga makanema 35, amene anayenda pa lole kukaonetsedwa ku Tanganyika komweko, ku Kenya, ku Uganda, ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Mmodzi wa makanemawo, Post Office Savings Bank, amasimba za antchito awiri amene alandira malipiro awo: wina akwirira ndalama zake pansi m'nyumba ndipo wakuba azifukula, mnzake akasungitsa zake ku positi ofesi ndipo zikhala bwino. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kuti izipangira makanema anthu a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Nayonso inakonda njira yomweyo ya anthu awiri, wanzeru ndi wopusa, monga dzina la kanema wake wina, The Two Farmers, lisonyezera.

Munthu angaganize kuti njira imeneyi inatengedwa ku nthano za makolo, popeza nazonso zimaika wochenjera ndi chitsiru pamodzi, monga Kalulu ndi Fisi. Koma kufanana kwake n'kwa pamwamba pokha. M'nthano, Kalulu amapambana ndi nzeru za m'mutu mwake, ndipo kawirikawiri amene wagonja ndi wamphamvu, Njovu kapena Mkango. Mwana womvera amaphunzira kuti wamng'ono akhoza kudzipulumutsa yekha. M'makanema aja wanzeru amapambana chifukwa wamvera mlangizi wa boma, ndipo wopusa ndi amene watsata njira za makolo ake. Nzeru zimachokera kunja kwa mudzi nthawi zonse. Malangizo ena anali abwino ndithu, monga osunga ndalama ndi opewa matenda a njoka za m'mimba, koma chithunzi cha munthu wakumudzi chimene makanemawo ankapereka chinali cha mwana wofunika kumugwira padzanja. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, bungwe lija linayamba kugwiritsidwanso ntchito yotamanda chitaganyacho, kotero kuti anthu ambiri a ku Nyasaland amene ankadana nacho anayamba kulikayikira galimoto la kanema. Bungwelo linatha pamodzi ndi chitaganya mu 1963. Apa mpomwe mwambi uja ukhoza: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu amene anapita kukagwira ntchito kumigodi ndi kumizinda, ndipo a ku Nyasaland anali ochuluka pakati pawo, anaona makanema a mtundu wina. Hortense Powdermaker, mayi wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu, anakhala ku Luanshya, kumigodi ya kopa, mu 1953 ndi 1954, ndipo buku lake Copper Town la mu 1962 limafotokoza momwe antchito ndi mabanja awo ankaonera kanema pabwalo. Amene ankakondedwa koposa anali a akawuboyi, abusa a ng'ombe okwera pamahatchi a ku America. Oonera ankatcha ngwazi ya kanema aliyense wotere dzina limodzi lakuti Jack, kaya wosewerayo ndi yani. Ambiri sankamva Chingerezi cha ku America, ndiponso akuluakulu a boma ankadula zigawo zimene ankati siziyenera kuonedwa ndi Aafirika, kotero kuti nkhani inkafika pachinsalu ili yoduka miyendo. Komabe oonerawo sankakhala chete. Ankafuula, kuchenjeza Jack za mdani amene ali kumbuyo kwake, kufotokozerana chimene chikuchitika, ndi kulumikiza okha zimene zinadulidwa.

Poweruza makanema a akawuboyi pali zinthu ziwiri zoyenera kulekanitsa. Makanemawo paokha, ambiri mwa iwo anali otchipa, opangidwa mofulumira, nkhani yake imodzimodzi: kuthamangitsana, nkhonya, mfuti. Choipa china n'chakuti mwa ena a iwo adani anali eni nthaka a ku America, amene dziko lawo linkalandidwa, ndipo anthu amene nawonso anali pansi pa atsamunda ankaombera m'manja olandawo. Koma chimene oonera ankachita nawo makanemawo chinali chamoyo. Iwo ankasandutsa kanema wachilendo kukhala nthano ya pabwalo, imene womvera amathira mang'ombe ndi kuvomereza monga ana avomerezera kuti "tili tonse". Munthu wokalamba akamati kanema wa kale anali wokoma, nthawi zambiri chimene akukumbuka ndi khamu lija ndi mawu ake, ndipo nkhani ya kanemayo anaiiwala kalekale.

Kunena zoona, m'nkhokwe yakale muli zina zoyenera kuzilira, ndipo Charlie Chaplin ndiye chitsanzo chake. Mu The Gold Rush, kanema wa mu 1925, munthu wosauka watsekeredwa m'kanyumba ndi chipale chofewa pamodzi ndi mnzake, chakudya chitatha. Iye aphika nsapato yake mumphika, naigawa pambale mwaulemu ngati nkhuku ya alendo, nadya zingwe zake mosamala, nayamwa misomali ngati mafupa. Palibe liwu limene limveka, koma aliyense amene anagonapo ndi njala amamva zonse, ndipo amaseka ali ndi chisoni. Luso lake lili pakuti wosaukayo sataya ulemu wake ngakhale zinthu zitafika poipa chotere. Kanema wotere safuna womasulira, pakuti chinenero chake ndi nkhope, manja ndi kayendedwe, ndipo mwana wa Sitandade 3 akhoza kumumva lero monga anamumvera anthu zaka 100 zapitazo. Amene amati zakale zinali ndi kuya kwake akanena za Chaplin sakunama.

Koma Chaplin yemweyo ndiye aphunzitsa za kuopsa kokakamira zakale. Makanema olankhula anayamba kutchuka ndi The Jazz Singer mu 1927, ndipo posapita zaka zambiri makanema osalankhula anasiyidwa. Chaplin anakana kusintha msanga. City Lights wa mu 1931 ndi Modern Times wa mu 1936 anawapanga mwa njira yakale, anthu ake osacheza ndi mawu monga m'makanema a anzake. Pomalizira pake analola, ndipo mu The Great Dictator wa mu 1940 analankhula, nagwiritsa ntchito mawu kunyoza Hitler. Mu 1952 anapanga Limelight, nkhani ya Calvero, wanthabwala wokalamba amene anthu anasiya kumuseka. Calvero apulumutsa mtsikana wovina amene anataya mtima, namulimbikitsa kufikira abwerera pabwalo la masewero, ndipo iye amwalira mtsikanayo akuvina. Chaplin sanaike mlandu pa oonera atsopano. Anasonyeza kuti ntchito yotsala kwa wokalamba ndiyo kuthandiza wamng'ono kuimirira, ndipo kuti atero ayenera kuyamba wamuyandikira.

Mbadwo wachiwiri uli ndi mbiri yakeyake. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda dziko la Malawi linalibe wailesi ya kanema, ndipo lamulo la mu 1968 loyang'anira zosangalatsa linapatsa boma mphamvu yoletsa kapena kudula makanema. Television Malawi inayamba mu 1999. Chotero kwa anthu ambiri kanema anali chinthu chosowa, ndipo pamene makina a vidiyo anafika m'misika ndi m'matauni, kachipinda kalikonse kokhala ndi benchi kanadzaza. Enter the Dragon wa Bruce Lee, amene anatuluka mu 1973, chaka chomwe mwini wakeyo anamwalira, ndi First Blood wa mu 1982, amene anadziwitsa dziko za Rambo, anaonedwa mobwerezabwereza kufikira matepi atatha. Pambuyo pake anafika makanema a ku Nigeria, amene ambiri amati chiyambi chake ndi Living in Bondage wa mu 1992, wolankhulidwa m'Chiigbo, wosimba za munthu amene apereka mkazi wake nsembe kuti alemere. Makanema amenewa anakondedwa chifukwa nkhope, nyumba ndi mavuto ake zinali zodziwika: ufiti, apongozi, kusabereka, chuma chobwera mwadzidzidzi. Akuluakulu a nthawi imeneyo anawanyoza onsewa, a nkhonya ndi a ku Nigeria omwe. Lero ndiwo akutchedwa kanema weniweni.

Zitatero, chimene chikuliridwa chimaoneka bwino. Choyamba ndi kusowa kwa chinthucho: kanema wobwera patalipatali amakambidwa mwezi wonse, pamene wopezeka pafoni nthawi iliyonse amaiwalika m'mawa mwake. Chachiwiri ndi kuonera pamodzi, pakuti kuseka kwa anthu ambiri pabwalo limodzi sikufanana ndi kuseka kwa munthu mmodzi atawerama pafoni yake. Apa dandaulo la akulu lili ndi mfundo yoona, ndipo mphunzitsi asaipeputse. Chachitatu ndi ubwana wa woonerayo, umene sungabwerere ngakhale kanema yemweyo ataonetsedwanso pachinsalu chomwecho. Pa zitatuzi palibe chimene chikutsimikiza kuti makanema akale anali opangidwa mwaluso kuposa atsopano. Munthu amasiya kutsata zatsopano pang'onopang'ono, kaamba ka ntchito, ana ndi kutopa, ndipo tsiku lina amapeza kuti maina amene achinyamata akutchula sakuwadziwa. Pamenepo kunena kuti zatsopanozo n'zachabe n'kwapafupi kusiyana ndi kuvomera kuti watsalira.

Kwa wophunzira chinenero pali chinthu chimodzi chimene wonyoza zatsopano amaphonya. Makanema ambiri oyamba a Central African Film Unit analibe mawu, ndipo pambali pa chinsalu pankaima womasulira amene ankafotokozera khamu nkhaniyo m'chinenero cha kumaloko. Ankapatsidwa zoti anene, koma womasulira waluso ankathirako zakezake, ndipo kukoma kwa usikuwo kunkadalira pakamwa pake. Ntchito yotere inaliponso ku Japan m'masiku a makanema osalankhula, kumene ofotokozawo ankatchedwa benshi ndipo ena anali otchuka ngati osewera enieniwo. M'Malawi ntchitoyi ilipobe, yangosintha malo. Achinyamata ena amatenga makanema a ku China, ku India kapena ku America n'kuikamo mawu a Chichewa, munthu mmodzi kulankhulira amuna, akazi ndi ana, kupatsa anthu achilendowo maina a kuno, ndi kuthiramo nthabwala za m'tauni. Zimene ankachita oonera a ku Luanshya potcha ngwazi yawo Jack ndi zomwezi. Madzi saiwala khwawa. Ntchitoyi ili ndi zilema zake: kawirikawiri imachitika popanda chilolezo cha eni makanema, ndipo nthawi zina mawu ake ndi osayenera ana. Komabe ndi amodzi mwa malo amene Chichewa chikukulira, kumene mawu atsopano amabadwa ndi kufalikira, ndipo wofuna kudziwa chinenero chimene ana akulankhula pabwalo la sukulu sangawalambalale.

Mbadwo uno uli ndi chinanso chimene gogo uja sanachione pachinsalu cha galimoto la boma, ndicho nkhani za anthu a kuno zosimbidwa mowalemekeza. The Last Fishing Boat, kanema wa Shemu Joyah wa mu 2012, amasimba za msodzi wa pa Nyanja ya Malawi amene nsomba zikumuthera, pamene mwana wake wasiya ukonde natsata alendo odzaona nyanja. Nkhani yake ndi yomweyi ya wamkulu amene dziko likumusiya m'mbuyo, ndipo kanemayo sasankha wanzeru ndi wopusa pakati pa bambo ndi mwana. Woonera amatsala ndi funso m'manja. The Boy Who Harnessed the Wind wa mu 2019, amene anatsogolera Chiwetel Ejiofor, amasimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene analeka sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, nawerenga mabuku a m'laibulale, napanga makina a mphepo opatsa magetsi. Poyerekeza ndi The Two Farmers kusiyana kwake n'koonekeratu: apa nzeru zituluka mwa mwana wa m'mudzi momwemo. Kanemayu ali ndi chilema chimene Amalawi ambiri anachinena, chakuti osewera akuluakulu ake ndi akunja ndipo Chichewa chawo chimamveka chachilendo. Koma chilemachi ndi phunziro lokonzeka kale. Ana amene amva kuti mawu sakutchulidwa bwino akhoza kufunsidwa kuti cholakwika chili pati, ndipo kuchokera pamenepo adzazindikira okha kuti m'Chichewa kukweza ndi kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango usiyanirana ndi mtengo wa pamsika.

Zonsezi sizikutanthauza kuti mphunzitsi ayamikire chilichonse chimene ana akuonera. Makanema ambiri amene amafika pamaso pa ana anapangidwira akuluakulu, ndipo ana ena amathawa m'kalasi kukakhala kukachipinda ka vidiyo. Mphunzitsi ali ndi udindo wolangiza ana ndi makolo awo pa zimenezi. Koma langizo la munthu amene sadziwa chimene akuletsa silipita patali. Mwana akamva mphunzitsi akunyoza kanema amene sanamuonepo, amaphunzira zinthu ziwiri zoipa: kuti munthu akhoza kuweruza chinthu asanachiyese, ndi kuti zimene iye amakonda zilibe malo pasukulu. Kuyambira pamenepo amatseka pakamwa, ndipo phunziro la kulankhula ndi kumvetsera limasanduka la mphunzitsi yekha.

Njira yabwino ndi yapafupi ndipo sifuna magetsi. Pa phunziro la Chichewa mphunzitsi apemphe mwana mmodzi asimbe nkhani ya kanema amene anaona, m'Chichewa chomveka, kuyambira pachiyambi mpaka pamathero. Anzake amufunse kuti mwininkhani ndi yani, akufuna chiyani, akumutsekereza ndani, ndipo nkhaniyo yatha bwanji. Kenaka mafunso omwewo afunsidwe pa nthano ya Kalulu, ndipo ana aone pamene ziwirizo zikufanana ndi pamene zikusiyana. Tsiku lina mphunzitsi asimbe za munthu uja wophika nsapato, ana asewere osalankhula, mmodzi aime pambali ngati womasulira. Akhozanso kutuma ana kukafunsa agogo awo za galimoto la kanema, n'kudzalemba chimangirizo cha zimene amva. Mwa njira imeneyi zakale zimafika kwa ana ngati mphatso, ndipo agogo nawo amapeza wowamvera.

Amene ali m'koleji lero ndi achinyamata, ndipo maina a oimba ndi osewera a masiku ano amawadziwa bwino. N'kosavuta kwa iwo kuseka aphunzitsi akale aja a pansi pa mtengo. Koma pakatha zaka 15 kapena 20 ana a m'kalasi mwawo adzatchula maina ena, ndipo iwo adzamva m'kamwa mwawo mukutuluka mawu omwe aja akuti kanema weniweni anatha. Kukonda zimene munthu anakula nazo sikulakwa, ndipo palibe amene angatsate zatsopano zonse. Chofunika kwa mphunzitsi ndi chizolowezi chimodzi chimene ayenera kuchiyamba akadali wamng'ono pantchito: kufunsa ana Lolemba m'mawa chimene anaona, kumvetsera mpaka mwanayo atamaliza, ndi kuyesa chinthucho ndi muyeso womwewo umene amayesera makanema a ubwana wake.